Kwa Inu Amene Anzanu Ali M'foni

Ana anga, kale kumva za mnzako amene ali kutali chinali chinthu chodula. Abambo amene ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela ankatha miyezi asanamve kuti kumudzi chimanga chacha bwanji, kapena kuti mwana uja anamusiya ali m'mimba wabadwa. Kalata inkafuna pepala, envulopu, sitampa, komanso munthu wodziwa kulemba ngati mwiniwake sanapite kusukulu. Inkafikira pa adiresi ya sukulu kapena ya mishoni, n'kukhala m'kabati ya ahedi mpaka atapezeka mwana wa m'mudzimo woti apite nayo. Maulendo a Wenela anaimitsidwa mu 1974, ndege yonyamula anthu obwerera kwawo itagwa ku Francistown n'kupha anthu oposa 70, koma kalata inapitirizabe ntchito yake kwa zaka zambiri. Maliro tinkawamvera pa wailesi ya MBC, pa mauthenga achisoni, nthawi zina munthu ataikidwa kale m'manda.

Masiku amenewo sindikuwalakalaka, chifukwa anali ndi misozi yambiri yosafunika. Koma panali chinthu chimodzi chimene ndikufuna muchidziwe. Poti sitampa inali yogula, wolemba kalata ankasankha womulembera. Ukalandira kalata unkadziwa kuti munthuyu anakhala pansi, anaganiza za iwe wekha, anayenda ulendo mpaka ku positi. Usanatsegule n'komwe envulopu, unali utamva kale uthenga waukulu.

Inu mwakula mtengo umenewo utagwa. Facebook inayamba mu 2004, WhatsApp mu 2009, ndipo lero ndi kabandulo ka tsiku limodzi mungapereke moni kwa anthu 100 musanadzuke pamphasa. Tsono mumandifunsa ngati zimenezi zatiyandikitsa ndi anzathu. Yankho langa ndi ili: foni ili ngati phulusa lofundira moto. Imasunga khala loyaka kale kuti lifike m'mawa, ndipo ntchito imeneyo ndi yaikulu, koma phulusa palokha silinaphikepo nsima. Ubwenzi umakolezedwa ndi zinthu zimene zimakudyera kanthu: nthawi yako, mwendo wako, tulo tako, nthawi zina ndi ulemu wako pamene ukuyenera kupepesa.

Katswiri wina wa ku yunivesite ya Oxford, Robin Dunbar, wakhala akufufuza kwa zaka zambiri kuchuluka kwa anthu amene munthu mmodzi angathe kusunga nawo ubale weniweni. Anapeza kuti ndi pafupifupi 150, ndipo mwa amenewa, a pamtima penipeni ndi ngati 5 okha, otsatira ngati 15. Mu 2016 anafuna kuona ngati Facebook yasintha zimenezi. Pa gulu la akuluakulu a ku Britain amene anafunsidwa, munthu ankakhala ndi "anzake" pafupifupi 155 pa tsambalo, koma atafunsidwa kuti ndi angati amene angawadalire zinthu zitathina, yankho linali pafupifupi 4. Facebook imakulolani kukhala ndi anzanu mpaka 5,000, gulu la WhatsApp limalowa anthu 1,024, koma mtima wa munthu sunakule limodzi ndi manambalawo, ndipo tsiku likadali ndi maola 24. Wofufuza wina, Jeffrey Hall wa ku yunivesite ya Kansas, mu 2018 anawerengera kuti pamafunika maola pafupifupi 50 okhalira limodzi kuti munthu wongodziwana naye akhale wocheza naye, maola ngati 90 kuti akhale mnzako, ndi oposa 200 kuti akhale mnzako wa pamtima. Anaonanso kuti maola ogwirira ntchito limodzi sawerengedwa kwambiri ngati maola ongocheza, kuseka ndi kukambirana za moyo. Agogo anu sakanadabwa nazo zimenezi. Iwo maola awo ankawathera pamtondo, kudambo, pa bawo, pa ulendo wapansi wopita kumsika.

Taonani mmene maliro amayendera pa gulu la WhatsApp la anthu amene munaphunzira nawo limodzi. Uthenga umagwa m'mamawa: mayi a mnzathu uja atisiya usiku wathawu. Posakhalitsa ma RIP atsatizana mpaka pansi, ena ndi tinkhope tolira, ena ndi timanja topemphera. Adimini aika nambala ya Airtel Money ndi ya Mpamba, mndandanda wa chipepeso wayamba, aliyense akuwonjezera dzina lake ndi ndalama yake. Zimenezi n'zabwino ndithu, chifukwa ndalamayo imagula bokosi, ufa, ndiwo ndi mafuta a galimoto. Koma pofika madzulo wina waponyapo kanema woseketsa, awiri ayamba kukangana za Bullets ndi Wanderers, ndipo maliro aja akwera m'mwamba, saonekanso.

Tsopano tsatirani masamba aawisi amene aikidwa pamsewu, mulowe pakhomo pamene pali malirowo. Amayi ali m'siwa, akhala pansi atawongola miyendo, mapewa awo akukhudza a namfedwa. Kuseri ena akutunga madzi, ena akuvundula nsima m'miphika ikuluikulu, utsi ukuwalowa m'maso. Abambo achezera panja pamoto, mame akuwagwera. Adzukulu alawirira kumanda ndi makasu. Pakati pa anthu onsewa pali atsikana awiri a pa gulu lija. Anapempha kuntchito, anakwera minibasi, kenako kabaza, ndipo afika kumapazi kuli mbuu. Sanalankhule zambiri. Mmodzi anangomugwira mnzakeyo m'chiuno pamene bokosi limatsitsidwa, poona kuti mawondo ake akugwedera. Winayo anamukakamiza kumwa phala, poti kuyambira dzulo sanalawe kanthu. Kafunseni namfedwa aliyense patapita zaka. Amene analemba RIP sawakumbukira, koma amene anagona pamaliro adzakutchulirani mayina awo mmodzimmodzi. Makolo poti maliro n'kulirana ankanena za kulira kumene mnzako amakumva ndi makutu ake.

Ndipo pali nthawi ina yowawa koposa tsiku la maliro. Ndi sabata lachitatu, anthu onse atabalalika, mphasa zobwereka zitabwezedwa, nyumba ili zii. Pamenepo gulu la WhatsApp linaiwala kalekale. Ngati mukufuna kukhala bwenzi la munthu, nthawi yake yopitira ndi imeneyo.

Musamve ngati ndikunyoza foni. Ndaona gogo wosadziwa kuwerenga akumvera voice note ya mdzukulu wake amene ali ku Johannesburg, akuibwereza katatu, akuiyankha ngati mwanayo wakhala pambali pake. Namwino amene akugwira ntchito ku Manchester amatha kuona nkhope ya mnzake wa ku Mzimba pa video call, n'kuzindikira kuti waonda. Mnzathu akamwalira ku Joni, ndi magulu a pa foni omwewa amene amasonkha ndalama zobweretsera mtembo kumudzi. Anzathu osamva, amene kale ankasalidwa pamacheza, lero amalemba n'kuyankhidwa ngati wina aliyense. Namondwe wa Freddy atagwa mu March 2023, matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zitakwirira nyumba ku Chilobwe, anthu anafufuza abale awo, anasonkha zovala, ufa ndi zofunda kudzera pa foni. Zonsezi n'zamtengo wapatali. Koma yang'anitsitsani: paliponse pamene foni yachita zazikulu, yachita pakati pa anthu amene anadyerapo kale m'mbale imodzi, kapena yatha ndi munthu kunyamuka ndi thumba la ufa kupita kumene kuli vuto.

Ubwenzi woyambira pa intaneti ulipo, sindikukana. Anthu ena anadziwana pa Facebook ndipo lero ndi abale enieni. Koma mpaka mutaonana, mutadziwa kwawo, mutamuona mmene amalankhulira ndi mayi ake kapena ndi mnyamata wogulitsa madzi pa depoti, chimene mukudziwa ndi chimene iye wasankha kukuonetsani. Atsikana inu makamaka, munthu wolemba mawu okoma usiku wonse angakhale ndi mkazi ndi ana atatu.

Tikambe za mikangano, chifukwa m'pamene ndaona maubwenzi ambiri a achinyamata akufera. Mu 2014 WhatsApp inabweretsa tizizindikiro tiwiri tabuluu tosonyeza kuti uthenga wawerengedwa. Kanthu kakang'ono, koma kadanitsa anthu. "Wawerenga koma sanandiyankhe." Mtima wayamba kuwira. Chonsecho mwina bandulo inamuthera akulemba, mwina magetsi azima ndipo foni yafa, mwina ali pa mzere wa mafuta, mwina bwana waima kumbuyo kwake, mwinanso akulira chinthu chimene inu simukuchidziwa. Mawu olembedwa alibe nkhope ndipo alibe kamvekedwe. Wowerenga amawapatsa kamvekedwe ka mtima umene ali nawo pa nthawiyo, ndipo ngati wakwiya, ngakhale moni amamveka ngati chipongwe. Choncho mukaona kuti nkhani yayamba kutentha, lekani kulemba. Imbani. Ngati ali pafupi, pitani. Mkangano umene ungathe masiku anayi pa foni umatha m'mphindi zochepa anthu akayang'anana, chifukwa n'kovuta kupitiriza kutukwana munthu amene ukuona milomo yake ikunjenjemera.

Kubuloka nako kwachepetsa mtengo wa kutaya mnzako. Kwathu anthu akayambana, pamapezeka wachitatu wowakhazika pansi, ngati mmene ankhoswe amachitira m'banja, chifukwa aliyense amadziwa kuti mawa adzakumana pachitsime kapena kutchalitchi. Lero chala chimodzi chikwanira kufafaniza munthu amene munakula naye. Munthu wokuzunzani kapena wokuopsezani m'bulokeni, musazengereze. Koma mnzanu amene wangokulakwirani, mupatseni mpata wolankhula. Ubwenzi umene sunayambe wadutsa pa mkangano n'kupulumuka sunakhwime. Anzanga amene ndimawadalira lero ndi omwe tinapsetsana nawo mtima kwambiri, tinakhala osalankhulana, kenako wina anameza manyazi n'kugogoda pachitseko.

Za chinsinsi ndikhalitsapo pang'ono. Kumwera kwa Malawi amayi ali ndi chinjira, ubwenzi wapadera umene mayi amasankha mnzake mmodzi, amapatsana mphatso, amathandizana pa ukwati ndi pa maliro, amauzana za kukhosi. Mphamvu ya chinjira ili pa kudziwa kuti zimene wanena zagwera m'khutu limodzi ndipo zathera pomwepo. Foni ilibe khalidwe limeneli. Chimene mwalemba chimakhala, chimajambulidwa pa sikirinishoti, chimafowadidwa. Mnzanu wa lero akakhala mdani mawa, ali ndi mawu anu onse m'thumba, tsiku ndi ola lake lomwe. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Mlomo wa masiku ano umakutsata ndi umboni. Zithunzi za thupi lanu musatumizire munthu aliyense, ngakhale amene walonjeza ukwati. Matenda a mnzanu, mavuto a banja lake, ngongole zake, ngati wakuuzani, musazilembe kwa wachitatu. Ku Malawi kuli lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limene limaletsa kuzunza ndi kunyoza anthu pa intaneti, ndipo anthu amangidwapo chifukwa cha zimene analemba pa WhatsApp ndi Facebook. Koma lamulo silibweza ulemu wa mtsikana amene chithunzi chake chazungulira tauni yonse. Nkhani yolemera kambiranani muli awiri pansi pa mtengo, kapena mukuperekezana panjira. Kuperekeza mlendo ndi mwambo umene ndikupempha musautaye, chifukwa nkhani zenizeni zimatuluka pamenepo, mutachoka pamaso pa anthu, mlendo atatsala pang'ono kutsanzika kachiwiri.

Sitetasi ya WhatsApp, mmene mukuidziwiramu, inabwera mu 2017. Imakupatsani chinyengo chakuti mukudziwa za mnzanu. Mwaona ali kunyanja ku Mangochi, mwaona nsapato zatsopano, mwaona keke. Mumtima mukuti uyu zikumuyendera, ndipo simuonanso chifukwa chomufunsira. Mwinanso kansanje kalowa, mwayamba kudziona wotsalira. Koma palibe amene amaika pa sitetasi kalata yochotsedwa ntchito, kapena alandilodi ataima pakhomo. Inunso mumaika zokoma zokhazokha, ndiye nonse awiri mukusirirana, nonse awiri mukugona ndi nkhawa, ndipo palibe akudziwa za mnzake.

Apa ndikulankhula ndi anyamata. Apolisi ku Malawi akhala akulengeza chaka ndi chaka kuti ambiri mwa anthu odzipha ndi amuna, ndipo ngongole ndi mavuto a m'banja zimatchulidwa kawirikawiri. Inu macheza anu a pa foni amathera pa "Zikuyenda?" "Pang'onopang'ono, aise." Kenako mpira, kenako nthabwala. Munthu angakhale pa magulu khumi, akuseketsa anthu tsiku lililonse, chonsecho alibe mmodzi womuuza kuti katapila wamufika pakhosi. Mukaona mnzanu wasintha, wasiya kulankhula pa gulu, kapena wayamba kulemba zotsanzika ndi zotopa ndi moyo, musamuyankhe ndi emoji. Muimbireni nthawi yomweyo. Akapanda kuyankha, kwerani njinga mupite. Mukafika mufunseni mosazungulira, ndipo akayankha kuti ali bwinobwino, khalanibe, mufunsenso. Ngati zafika poopsa, uzani achibale ake ndipo mupite naye kuchipatala. Ndi bwino akukwiyireni kwa mwezi umodzi.

Dziwaninso kuti zipangizozi zili ndi eni ake, ndipo eni akewo ali pa malonda. Facebook, Instagram ndi WhatsApp zonse ndi za kampani imodzi, Meta, imene inagula WhatsApp mu 2014 pa mtengo wa pafupifupi madola 19 biliyoni. Pafupifupi ndalama zonse za kampaniyi zimachokera ku otsatsa malonda. Kutanthauza kuti chimene chimawapindulira ndi maso anu kukhala pa foni nthawi yaitali. Inu mukazimitsa foni n'kupita kukacheza ndi mnzanu pakhonde, iwo sapezapo kanthu. N'chifukwa chake mukatsegula kuti muone uthenga umodzi, mumapezeka patatha ola mukuonera makanema a anthu osawadziwa. Mu 2018 ofufuza a ku yunivesite ya Pennsylvania anatenga ophunzira 143, ena mwa iwo n'kuwauza kuti kwa masabata atatu asapitirire mphindi 10 patsiku pa chilichonse mwa Facebook, Instagram ndi Snapchat. Amene anachepetsawo anapezeka kuti kusungulumwa kwawo kwachepa. Zimamveka zosemphana, koma n'zomveka: ola limene lachoka pa foni limapita kwa munthu amene ali pafupi.

Kanthu kena kakang'ono. Mukalandira uthenga wochokera pa nambala ya mnzanu wakuti ali pa vuto, mumutumizire ndalama msanga pa nambala ina, muimbireni kaye mumve mawu ake. Akuba amalanda WhatsApp ya munthu pomunamiza kuti awauze manambala 6 amene abwera pa foni yake, kenako amayamba kupempha anzake onse. Manambala amenewo musauze aliyense.

Tsono chitani chonchi. Khalani pansi mudzifunse kuti anthu anu anayi kapena asanu ndi ati, amene mungawadzutse pakati pa usiku mwana atatentha thupi. Amenewo muziwachitira zosiyana ndi ena onse. Tsiku lawo lobadwa, m'malo moika chithunzi chawo pa sitetasi kuti anthu aone, aimbireni. M'malo mofowada vesi kapena duwa la m'mawa limene lapita kwa anthu 40, lembani mzere umodzi umene ungamveke kwa iye yekha: mayeso aja anayenda bwanji, mwendo wa bambo uli bwanji, mbuzi ija inapezeka? Amene ali kunja, ku Cape Town kapena ku Leeds, pangana nayeni tsiku ndi ola loimbirana, ndipo mulisunge ngati mmene mumasungira tsiku la banki m'khonde. Musamukumbukire pokhapokha mukufuna ndalama. Anzathu a kunja amadziwa bwino moni amene kumbuyo kwake kukubwera pempho, ndipo amawawa. Mufunseni ngati akudya, ngati kuzizira akukutha, ngati ali ndi wocheza naye. Akabwera kumudzi pa Khirisimasi, mupatuleni pagulu mukhale naye awiri, ngakhale kwa ola limodzi.

Mudzandiuza kuti thiransipoti yakwera, ndipo n'zoona. Koma werengani ndalama zimene zimapita ku mabandulo pa mwezi, muone ngati simungapatulepo ya minibasi ulendo umodzi. Ndipo anzanu ambiri sali kutali. Ali ku Ndirande inu muli ku Chirimba, ali ku Kawale inu muli ku Biwi, ali tsidya la mtsinje. Mudzatinso mukuchita manyazi kupita kwa wodwala chimanjamanja. Pitani choncho. Amene anakhalapo gadiyani kuchipatala amadziwa kuti chimene chimasowa kwambiri ndi munthu womulandirako kwa maola awiri kuti akasambe, akachape, akatseke maso pang'ono. Mukafika funsani chimene chikufunika, tengani ndowa mukatunge madzi, tsukani mbale, mutembenuzeni wodwalayo ngati akufunika kutembenuzidwa. Foni ikhale m'thumba, musajambule wodwala, ndipo musanachoke muuzeni gadiyaniyo tsiku limene mudzabwerenso.